Digiri ya miyala si ya kumgodi kokha

Masiku ano paliponse nkhani ndi ya migodi. Andale akaima pa nsanja, migodi. Mu minibasi, migodi. Ngakhale makolo amene kale ankakwinya nkhope mwana akawauza kuti ku yunivesite amusankhira maphunziro a miyala ndi zachilengedwe, lero ayamba kumwetulira. Ati mwana akakalowa ntchito ku Kayelekera kapena ku Kasiya, mtundu wonse udzadya nawo. Ine ndikuti chiyembekezo chimenechi tichichepetseko, abale. Chikusokeretsa ana, ndiponso chikutibisira ntchito imene ana omwewa angatigwirire konkuno ku tauni, kumene timamanga ndi kugulitsa.

Mgodi sufulumira, ndipo sulonjeza. Tengani Kayelekera wa ku Karonga uja. Kampani ya Paladin inayamba kukumba uranium kumeneko mu 2009. Mu 2011 kunachitika ngozi ya Fukushima ku Japan, mtengo wa uranium unatsika, ndipo mu 2014 mgodi unaima. Unadzayambanso mu 2025, uli m'manja mwa eni ena, a Lotus Resources. Tsono taganizani za mwana amene analowa yunivesite mu 2010 maso ali ku Kayelekera. Ngati kalendala ya sukulu sinasokonezeke, ndiye kuti anavala gauni chaka chomwecho chimene anthu ankalongedza katundu ku mgodiko. Nanga bauxite wa pa phiri la Mulanje? Anadziwika kale m'zaka za m'ma 1920, agogo athu ali ana. Mtengo wa zinthu zimenezi umapangidwira kutali, ndipo mwana wa ku Ndirande alibe nawo mawu.

Sindikunena kuti migodi ndi yachabe, ayi. Kangankunde ku Balaka, Songwe Hill ku Phalombe, Kanyika ku Mzimba, onsewa adzafuna akatswiri, ndipo ndi bwino akatswiriwo akhale ana athu. Koma mgodi wa makono umagwira ntchito ndi makina, sulemba gulu lonse la omaliza maphunziro chaka ndi chaka. Otsalawo apite kuti? Ambiri tikuwaona: ena akuphunzitsa jogalafe ku sekondale za pulaiveti, ena akugulitsa mayunitsi, digiri ili m'sutikesi.

Pamene zili choncho, mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe anthu ali m'tulo. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu zinalinso chimodzimodzi. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Tinalira, tinasonkha ufa ndi zovala, kenaka tinati ndi zachilendo. Zachilendo bwanji? Mu Marichi 1991 phiri la Michesi linachita zomwezi ku Phalombe, anthu mazanamazana n'kupita. Mu Disembala 1946 zinachitika ku Zomba. Makolo athu anazipatsa ndi dzina lomwe, Napolo, chinjoka chimene chimasamuka m'phiri kupita ku nyanja. Musawaseke. Iwo anaona kuti chinthuchi chili ndi njira yake, ndipo chimabwereza.

Zimene makolo ankazitcha Napolo, mwana wa chaka chachiwiri amaziphunzira m'kalasi. Mapiri athu ambiri ndi thanthwe lolimba lokutidwa ndi dothi losazama. Mvula ikagwa masiku angapo osalekeza, madzi amalowa m'dothimo mpaka kukafika pa thanthwe, ndipo poti sangapitirire, amayenda pakati pa dothi ndi mwalawo. Pamwamba palemera, pansi paterera, basi phiri limasupuka. Dothi, mitengo ndi miyala zimatsata khwawa, ndipo zikafika m'munsi zimamwazika. Mitengo imathandiza kugwira nthaka, n'zoona, ndipo amene anadula nkhalango ya Soche ali ndi mlandu. Koma mvula ikafika pa muyeso wa Freddy, ngakhale phiri la mitengo limatha kugumuka. Ndiye chowawa ndi ichi: miyala ikuluikulu imene imapezeka itamwazikana m'munsi mwa khwawa sinamere pamenepo ngati bowa. Inatsika. Wophunzira za miyala akaiona amadziwa kuti apa panadutsa kale zinthu, ndipo zidzadutsanso. Ife tikaiona timati mwayi, kwale waulere, tiyeni tiswe tithire pa maziko.

Inu a bizinesi, nkhaniyi ndi yanu. Ndinu amene mumagula mapuloti a m'mbali mwa mapiri kwa a mfumu, chifukwa ndi otchipa. Mumalipira mmisiri, mumalipira wa mapulani, mumalipira ndi wa mankhwala woteteza nyumba kwa afiti, koma wokuuzani ngati nthakayo ingakhale malo amodzi mulibe naye ntchito.

Chimodzimodzi pa mijigo. Gawo lalikulu la dziko lino lakhala pa thanthwe lakalekale lolimba, ndipo madzi a pansi sakhala ngati nyanja yobisika monga ambiri amaganizira. Amakhala m'ming'alu ndi m'mwala wofumbutuka wa pamwamba. N'chifukwa chake mnzanu amapeza madzi, inu kuseri kwa mpanda womwewo n'kupeza fumbi, ndalama za okumba mutalipira kale. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje vuto ndi lina: madzi amapezeka, koma m'madera ena ndi amchere, osamweka. Madera enanso madzi amadetsa mano a ana kaamba ka fluoride wochuluka. Zonsezi zimapimika munthu asanawononge ndalama. Ndiponso m'tauni, kumene mjigo ndi chimbudzi cha mnansi zimayang'anizana, kolera ya 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa zokwanira.

Tisaiwalenso kuti tikukhala m'chigwa chimene nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono. Nyanja ya Malawi ili m'mng'alu umenewu. Chivomerezi cha ku Salima mu 1989 ndi zija za ku Karonga mu Disembala 2009 zinagwetsa nyumba za njerwa zomangira dothi. Akasupe a madzi otentha a ku Nkhotakota ndi ku Chiweta ndi zizindikiro za nkhani yomweyo.

Tsono funso ndi lakuti, kodi ana amene akutuluka m'makoleji athu angathedi kuwerenga nthaka? Apa mpamene ndikufuna kulankhula ndi akuluakulu a maphunziro. Ine digiri ndilibe, ndinasiyira panjira ndalama zitavuta kunyumba, koma maphunziro a miyala a chaka choyamba ndinawalawako. Kumene ndinali ine, ulendo wathu wa kutchire unalephereka kawiri, ati galimoto ilibe mafuta. Miyala tinaidziwira m'kabokosi, iliyonse ili ndi kanambala kake. Mayeso tinakhoza bwinobwino. Koma mwala wa m'kabokosi ndi wosambitsidwa kale. Wa kutchire uli ndi ndere, wafumbutuka, theka lake lili pansi pa chimanga cha mwini munda amene akukufunsa kuti wakutuma ndani. Ndalama zikachepa pa sukulu, choyamba kudulidwa chimakhala ulendo wa kutchire, chifukwa suoneka ngati phunziro, umaoneka ngati kokasangalala. Kumeneko n'kuphunzitsa utelala wopanda nsalu.

Ndipo chodabwitsa n'chakuti kutchireko si kutali. University of Malawi ili m'tsinde mwa phiri la Zomba, m'tauni momwemo muli likulu la Geological Survey. Chilumba cha Chilwa, chimene akatswiri ngati Frank Dixey anachitchukitsa m'zaka za m'ma 1930 chifukwa cha mwala wake wosowa wa carbonatite, chili pafupi pomwepo. Anyamata ogulitsa miyala yonyezimira ya ku Malosa kwa alendo pamwamba pa phiri la Zomba amadziwa maenje onse. MUST ya ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, ikuyang'anizana ndi Mulanje. MUBAS ili pakati pa mapiri a Blantyre, Soche akuoneka pa zenera. Ophunzira a ku Ulaya amalipira ndege kudzaona zimene ana athu angakafike pa kabaza.

Paja mu 2013 ndi 2014 ndege za kauniuni zinauluka m'dziko muno kupima za pansi pa nthaka. Ndege imangoloza kuti apa pakuoneka kanthu. Wokatsimikiza ndi munthu wa nyundo, mapu ndi kabuku, woyenda pansi.

Kwa inu ophunzira, mawu anga ndi awiri. Musalekanitse miyala ndi zachilengedwe ngati kuti wina ndi wokumba, wina ndi woletsa. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa, ndipo malipoti amenewo adzalemba ndinu. Wolipira lipoti amakhala mwini ntchito yemweyo, ndiye mukudziwa kale kumene mphepo imakankhira cholembera. Amene sadziwa mmene madzi amayendera pansi pa nthaka adzangosaina kuti zonse zili bwino, a kumunsi kwa mtsinje n'kumamwa zotsalira za mgodi. Chachiwiri, pulojekiti ya chaka chomaliza musaisankhire kuphweka. Malipoti ofunsa anthu 50 maganizo awo pa kusintha kwa nyengo achuluka kale m'malaibulale, akudyedwa ndi chiswe.

Bwanji kalasi iliyonse yomaliza itapatsidwa phiri limodzi la m'tauni? Ena Ndirande, ena Bangwe, ena Mpingwe, ena makwawa a ku Zomba, a kumpoto atenge zitunda za Masasa ku Mzuzu. Ayende khwawa ndi khwawa, alembe pamene miyala inatsikapo kale, pamene madzi amatumphuka nthawi ya dzinja, pamene anthu asema phiri kuti apeze bwalo la nyumba. Mapu amenewo alembedwe m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, amatidwe pa msika ndi pa bwalo la a mfumu, kuti wogula puloti aziona yekha asanatulutse ndalama. A khonsolo apereke galimoto ndi mafuta, ndipo mwa ana omwewo alembepo mmodzi kapena awiri ntchito yokhazikika, kuti pulani ya nyumba ya m'phiri isamadutse popanda siginecha yawo. Makhonsolo omwewa amatitolera ndalama za msika tsiku lililonse, ndipo malisiti tili nawo. Mafuta a ulendo wa ku Soche angachokere pamenepo.