Feteleza popanda laimu akugugitsa minda ya ku Msundwe

Mukamva alimi a ku Msundwe, Nsaru ndi Kabudula akudandaula kuti nthaka yaguga, ambiri amaganiza kuti chosowa ndi thumba lina la feteleza. Boma nalo laganiza chimodzimodzi m'mapulogalamu ake a zipangizo zotsika mtengo, kuyambira pa FISP ya 2005 kufikira AIP ya 2020: thumba lokulitsa, thumba lobereketsa, basi. Ine ndikuti m'munda womwe nthaka yake yachuluka asidi, kuwonjezera feteleza popanda laimu n'kumwaza ndalama za mlimi ndi za misonkho, ndipo pulogalamu ya zipangizo zotsika mtengo iyenera kuyambira pa kuyeza nthaka.

Mayi aliyense amadziwa kuti poto wa aluminiyamu amene wada m'kati amayera mbee akaphikiramo matimati ambiri kapena chidede. Kuyerako ndiye kuti asidi wa ndiwo wasungunula kachikutu ka chitsulo. Dothi la katondo nalo ladzaza ndi aluminiyamu, chitsulo chochuluka kuposa china chilichonse m'nthaka ndi m'miyala. Chikakhala chomangika m'dothi sichivuta. Koma asidi akakula, muyezo wa pH n'kutsika pansi pa 5.5, chimayamba kusungunuka n'kulowa m'chinyezi cha nthaka ngati tizidutswa tosaoneka tokhala ndi mphamvu ya magetsi, tomwe asayansi amatitcha maayoni. Timeneti timawononga nsonga za mizu. Zulani phesi la chimanga m'munda wotere, muona mizu yaifupi, yonenepa, yopanda timizu ting'onoting'ono. Chimanga chotere chimafota mvula ikangodula masiku ochepa.

Asidiyo amachokera kuti? Mvula imatsuka kashiamu chaka ndi chaka, zokolola nazo zimachoka nayo, koma gawo lina timathira tokha. Yureya akasinthika m'nthaka amasiya asidi, ndipo kuti asidi wa thumba limodzi la makilogalamu 50 athe pamafunika laimu wokwana makilogalamu pafupifupi 40. Ngongole imeneyi yakhala ikuunjikana m'minda ya chimanga ndi fodya kwa zaka zambiri popanda woibweza. Choipitsitsa n'chakuti aluminiyamu wosungunukayo amagwira fosifolasi wa mu feteleza wokulitsa n'kumumanga. Fosifolasi amasefukira pang'onopang'ono zedi m'chinyezi, mamilimita ochepa chabe, kotero muzu uyenera kumufikira pomwe ali. Tsono muzu wolumala ungamufikire bwanji? Mtedza nawo umavutika mwa njira yake: chikoko chimayamwa kashiamu m'dothi lomwe chakwiririkamo, ndipo akasowa, mlimi amafukula mtedza wooneka bwino koma m'kati mulibe kanthu.

Ena ati laimu ndi wolemera, ndipo mlimi wa ngolo kapena njinga sangathe kunyamula matumba ochuluka chotere kuchokera pa msewu wa Mchinji kukafika kumudzi. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake ntchitoyi ikufunika dzanja la boma. Feteleza timamugula kunja ndi ndalama zakunja zomwe tikuzilira tsiku ndi tsiku, amadutsa ku Beira kapena ku Nacala, pomwe miyala ya laimu ili konkuno, ku Balaka ndi ku Kasungu. Komanso laimu sathiridwa chaka chilichonse. Mphamvu yake imakhala m'nthaka nyengo zingapo. Ena ati amachedwa kugwira ntchito. Amachedwadi, pakuti amasungunuka ndi kusefukira mwapang'onopang'ono, ndiye ayenera kufika kwa mlimi nthawi yogalauza, asakanizidwe ndi dothi miyezi iwiri kapena itatu mvula isanagwe. Laimu wobwera mu Disembala, monga feteleza wotsika mtengo amachitira kawirikawiri, wataya nyengo yonse.

Kutsutsa kwamphamvu n'kwakuti si munda uliwonse uli ndi asidi wambiri, ndipo laimu wopyola muyezo amatsekereza zinki ndi michere ina. Apa ndikuvomera kwathunthu, ndipo sindikupempha kuti kuponi iliyonse ikhale ndi laimu. Ndikupempha kuyeza. Malo ofufuza zaulimi a Chitedze ali pa msewu womwewu wa Mchinji, pafupi ndi Msundwe, ndipo ali ndi akatswiri a nthaka. Kachipangizo koyezera pH mlangizi akhoza kukanyamula m'chikwama. N'chifukwa chiyani mlimi wa ku Mpingu azithira feteleza mwachimbulimbuli pomwe labotale ili pakhomo pake? Manyowa ndi phulusa zimathandiza, koma khola la mbuzi zitatu silingakwanitse ekala.

Dziko la Brazil linali ndi chigawo cha Cerrado chomwe nthaka yake yofiira inkaonedwa ngati yopanda ntchito chifukwa cha asidi ndi aluminiyamu. Kuyambira zaka za m'ma 1970, bungwe lofufuza zaulimi la Embrapa litakhazikitsidwa mu 1973, anayeza nthaka, anathira laimu ndi fosifolasi, ndipo lero chigawocho chimatulutsa soya wochuluka wogulitsa kunja. Unduna wa Zaulimi upatule gawo la ndalama za feteleza, uyeze minda ya kumadzulo kwa Lilongwe mudzi ndi mudzi, ndipo kumene pH yatsika laimu afike pofika Ogasiti.