Mukatsika mu Limbe, wokupatsani phuma musamukhulupirire

Tsiku la malipiro likadutsa ku Satemwa, Makandi kapena Naming'omba, minibasi za ku Limbe zimadzaza mbandakucha. Wina akukagula malata, wina akukaoda kaunjika, winanso akukazonda m'bale wake ku Gulupu. Ulendo wake ndi waufupi, makilomita pafupifupi 40 kuchokera pa boma kudzera pa Bvumbwe. Koma ndalama ili m'thumbayo ndi ya masabata ambiri othyola tiyi, dengu lili kumsana, mvula ili pamutu. Ikatayika, kunyumba kulibe kwina kokatapa.

Anthu ambiri timaopa wotsomphola chikwama. Alipo ndithu, koma akathyali ambiri a m'tauni salimbana ndi munthu. Amangokupatsani phuma, mpaka ndalamayo muwapatse nokha ndi manja awiri. Amadziwanso kuti ife a kumudzi tinaleredwa mwaulemu, kunena kuti "ayi" kwa munthu wolankhula bwino kumatichititsa manyazi.

Zimayambira pa siteji pomwe. Musanaponde pansi bwinobwino, oitanira atatu akukoka chikwama chanu, aliyense akuti, "Mayi, iyi ikunyamuka pompano!" Si onse akuba, ambiri akungosaka ya ufa. Koma opisa m'matumba amakonda chipwirikiti ngati chimenecho. Gwiritsitsani katundu wanu, patukani pang'ono, galimoto musankhe nokha. Minibasi sizitha.

Ndiye pali kachenjerero kakale koma kosaguga. Munthu akugwetsa mpukutu wa ndalama patsogolo panu. Wina akuutola n'kukunong'onezani, "Achimwene, mwaona nokha. Tiyeni kuseriku tigawane." Kuseriko kukutulukira "mwini wake" ali kalikiliki, akuti aliyense aonetse ndalama zake kuti ayere. Zanu zikangotuluka m'thumba, basi zapita. Mankhwala ake ndi amodzi: osaima, osayankha, pitirirani.

Foni yotchipa ya pamsewu nayonso ndi msampha. Amakuonetsani yeniyeni, mugwirizana mtengo, kenaka "apolisi akubwera, bisani msanga", kukafika kunyumba mwanyamula chigoba. Ngakhale itakhala yeniyeni, mwina ndi yobedwa, ndipo kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu. Gulani m'sitolo, muiyatse pomwepo, mutenge lisiti. N'chimodzimodzi ndi madobadoba amene amaima kunja kwa maofesi a pasipoti ndi a ziphaso zoyendetsera galimoto. Ndalama ya boma imalipidwa pomwe ofesiyo yanena, ndipo pamakhala lisiti. Ya pansi pa mtengo ilibe mboni.

Masiku ano ambiri timaika ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo n'zanzeru kusiyana ndi kuyenda ndi mpukutu. Komatu pini ndi yanu nokha. Ejenti alibe nayo ntchito, ndipo wokuimbirani n'kumati ndi wa kukampani ya foni, mumuuze pini, ameneyo ndi wakuba. Potapa ndalama, foni ikhale m'manja mwanu, pini mulembe nokha mutaphimba. Uthenga woti "ndakutumizirani molakwitsa, bwezani" ukafika, yambani mwaona balansi. Ngati manambala amakuvutani kuona, nyamukani ndi mwana kapena mdzukulu wamkulu. Thiransipoti yake ndi yochepa poyerekeza ndi malipiro a mwezi wathunthu.

Musananyamuke, chitani zinthu zitatu izi. Gawani ndalama: ya minibasi ndi ya chakudya ikhale pafupi, yogulira katundu ikhale m'kati mwenimweni, kuti musamasule mfundo yonse ya chitenje pagulu pofuna K500. Lembani papepala manambala awiri a abale, chifukwa foni ikabedwa ambirife sitikumbukira ngakhale ya amayi athu. Pomaliza, imbani *#06# pa foni yanu. Patuluka nambala yaitali yotchedwa IMEI. Ikopereni m'kope lotsala kunyumba, apolisi amaifuna foni ikabedwa.

Njira ikakusokonezani, funsani, paja safunsa anadya phula. Koma wofunsidwayo musankhe ndinu: mayi wokhala pa benchi lake mumsika, mlonda wa pasitolo, kapena wapolisi. Wokutsatirani yekha n'kumati "ndikuperekezeni" ndi wina. Ndipo zogula zithe dzuwa likadalipo, kuti mdima ukupezeni mutadutsa kale pa Bvumbwe.

Nanga zikachitikabe? Manyazi asakutsekeni pakamwa. Akathyaliwa amapusitsa ngakhale aphunzitsi ndi anthu obadwira mu Ndirande momwemo. Kanenani ku polisi ya Limbe tsiku lomwelo. Pitani ku ofesi ya Airtel kapena TNM ndi chiphaso chanu cha unzika akatseke nambala. Uzaninso abale msanga, wakubayo asanayambe kuwapempha ndalama m'dzina lanu. Ndipo mukafika kunyumba, afotokozereni anzanu a kumunda mmene zinayendera, chifukwa mwezi wamawa ndi iwo adzakwere minibasi yomweyo.