Zoti ndalama yoika pa zitsulo ku Sharpevale ndi yotaya n'zabodza

Pali mawu amene akhala akuyenda pa WhatsApp, pa Facebook ndi m'maminibasi, moti ena ayamba kuwatenga ngati choonadi chosafuna umboni. Akuti Malawi ndi dziko lolephera kupanga ngakhale singano, choncho munthu woika mpamba wake pa ntchito ya zitsulo, makamaka kumalo ngati Sharpevale m'boma la Ntcheu, akungoponya ndalama m'madzi. Akuti wanzeru akapikule katundu wa ku China ku Limbe kapena ku Dar es Salaam, adzagulitse, agone tulo, ndipo za mafakitale tisiyire anthu akunja a matumba akuluakulu tsiku limene adzafune kubwera. Ife tikuwakana mawu amenewa, ndipo tikuwakana ndi mtima wonse, chifukwa akufooketsa anthu amene akanatha kuchita kanthu.

Chilipo choona m'mawuwa ndipo sitichibisa. Dziko lathu lilibe fakitale yaikulu yoyenga chitsulo kuchokera ku miyala. Makampani opanga malata ku Blantyre ndi ku Lilongwe amaitanitsa chitsulo chokulungakulunga kuchokera kunja, n'kudzangochipinda ndi kuchidula kuno. Mapaipi, mawaya ndi timitengo towotcherera zambiri zimalowa ndi ndalama zakunja, zimene masiku ano zikusowa. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mmisiri aliyense wa zitsulo anazimva m'thumba. Munthu atabwera lero kuti akufuna kumanga ng'anjo yaikulu yoyengera chitsulo pa Sharpevale, ifenso tingamuuze kuti ayambe waganiza kawiri.

Pamene mawuwa akusokonekera ndi poganiza kuti ntchito ya zitsulo ndi kuyenga basi. Kuyenga ndi gawo limodzi. Phindu lalikulu, komanso ntchito za anthu ambiri, zili pa kudula, kupinda, kusula, kuwotcherera ndi kukonza, mpaka chitsulo chisanduke chinthu chimene mlimi angatulutsire ndalama. Ntchito imeneyi pa Sharpevale ilipo kale. Amene akuti kulibe amangodutsa pa galimoto osatsika.

Imani pa khonde la owotcherera pa tsiku la msika. Muona ekiselo ya galimoto yakufa, imene mwini wake anaitaya kalekale, itagonekedwa pa njerwa ziwiri. Mmisiri akuyeza ndi tepi, akulemba ndi choko, akudula ndi galayinda, ndipo pakutha pa masiku ochepa chitsulo chija chasanduka ngolo yoti ng'ombe ziwiri zizikoka thonje, chimanga ndi njerwa kwa zaka zambiri. Pakhoma payedzamira mafelemu a zitseko ndi mawindo opakidwa penti wofiira, akudikira eni ake amene alipira theka. Wakabaza waima pambali kuti amuwotcherere keliyala imene yathyoka ndi matumba. Chapatali pang'ono, mkulu wina akupukusa mvukuto pa chipala, akusula nkhwangwa kuchokera ku sipuling'i ya lole, ndipo wokhoma ndowa akupinda lata kuti litulutse kheni yothirira m'dimba. Kodi zonsezi tizitche chiyani ngati si kupanga katundu? Kuchepa kwa malo ogwirira ntchito sikufafaniza ntchitoyo.

Ndipo luso limeneli silinabwere ndi sitima. Pamene David Livingstone ankayenda m'mapiri a kum'mwera mu 1859, anapeza Amang'anja akuyenga ndi kusula chitsulo m'midzi mwawo. Makasu a Amaravi anali katundu wa malonda amene ankapita kutali, ndipo ng'anjo zakale zikuonekabe mpaka lero m'nkhalango ya Kasungu. Ufulu utabwera, makasu ndi mapulawo a Agrimal opangidwa ku Blantyre analima minda ya dziko lonse lino. Amene amati Mmalawi ndi chitsulo n'zosayenderana sanafunse agogo ake.

Koma nkhani imene iyenera kutiwawa kwambiri ndi ya mjigo. Mjigo wa Afridev, umene amayi akupopa m'midzi ya maiko ambiri a mu Africa, unayambira kuno kwathu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pa ntchito yokumba zitsime m'chigwa cha Livulezi, m'boma la Ntcheu lomweli, akatswiri anayesa mjigo wotchedwa Maldev, wopangidwa moti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha osadikira lole ya boma. Nzeru imeneyo inapitirizidwa ku Kenya ndipo ndi imene inabala Afridev. Lero mijigo yambiri ya mtunduwu ndi zipangizo zake timaitanitsa ku India. Taganizani bwino pamenepa. Chinthu chinayesedwa m'zitsime za ku Ntcheu, chinatheka, maiko ambiri anachilandira, koma ntchito yochipanga inakakhazikika kwa ena amene anaikapo makina ndi ndalama. Tinali ndi nzeru, tinali ndi msika, chimene chinasowa ndi munthu wolimba mtima kuikapo mpamba n'kupirira. Ndiye wina akamatiuza lero kuti tisaike ndalama pa zitsulo, akutiuza kuti tibwereze kulakwa komweko.

Nanga msika uli kuti? Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 650,000 m'boma la Ntcheu lokha. Aliyense wochotsa udzu padenga n'kuika malata amafunanso felemu ya chitseko, mawindo ndi zitsulo zotchinga akuba. Chigwa cha Bwanje, mmene muli Sharpevale, ndi cha ng'ombe ndi thonje, ndipo kumene kuli ng'ombe kumafunika ngolo, pulawo ndi matcheni. Kumpoto pang'ono, m'boma la Dedza, kuli sikimu ya mpunga ya Bwanje, ya mahekitala pafupifupi 800, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan. Kumtunda, ku Tsangano ndi ku Lizulu, kuli alimi a mbatata ya kachewere ndi kabichi amene sangalime popanda makheni, mawilibala ndi mapampu. Chigayo chilichonse m'derali chimadya sefa ndi zitsulo zophwanyira chimanga mwezi ndi mwezi. Ndalama ya zinthu zimenezi ikutuluka kale m'matumba a anthu. Funso ndi loti ithere pa Sharpevale kapena ikwere basi kupita ku Balaka, ku Limbe ndi kunja.

Malo enieniwo si oipa monga amanenera. Sharpevale ili pa msewu wa M5 wolumikiza Balaka ndi Salima, ndipo njanji inadutsa pamenepa kuyambira 1935, pamene inatalikitsidwa kuchoka ku Blantyre kukafika ku Salima. Njanji yomweyo imakakumana ndi ya ku doko la Nacala pa Nkaya. Chitsulo ndi katundu wolemera, ndipo malo okhala m'mbali mwa njanji ali ndi mwayi umene matauni ambiri alibe. Ku Golomoti, mtunda wosatalika kuchoka pa Sharpevale, kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 a kampani ya JCM Power, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Magetsiwo amalowa mu nthambo za dziko lonse, inde, koma akusonyeza kuti anthu odziwa kuwerengera ndalama anaona kuti chigwa chimenechi n'choyenera kuikamo chuma.

Mavuto enieni a amisiri athu ndi odziwika, ndipo palibe limene lili temberero. Loyamba ndi magetsi. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo owotcherera ambiri ankagona pa ntchito kudikira kuti magetsi akayaka pakati pa usiku agwireko pang'ono. Wogwira ntchito motero sangalonjeze kasitomala tsiku. Vuto lina ndi la makina. Shafiti ya chigayo ikadyeka, mwini wake amainyamula ulendo wautali kukafuna makina a lathe, chigayo chili chiimire, amayi akuyenda mitunda ndi chimanga pamutu. Mmisiri akafuna mapaipi asanu okha, amataya tsiku lathunthu ndi ndalama ya thiransipoti, mtengo wa felemu n'kukwera. Akapita kukafuna ngongole amamufunsa chikole chimene alibe, mapeto ake amagwera ku katapila.

Mavuto amenewa ndiwo khomo la munthu wa mpamba. Wotsegula sitolo ya zitsulo pa Sharpevale, yogulitsa mapaipi, malata osapinda ndi timitengo towotcherera pa mtengo wabwino, wapeza kale makasitomala kuyambira ku Kasinje mpaka ku Golomoti. Wogula lathe imodzi, makina opindira malata ndi oboolera, n'kukoketsa magetsi a three phase, angathe kumagwira ntchito za eni zigayo onse a m'chigwamo, amisiri ena n'kumalipira kuti agwiritseko ntchito makinawo. Ndalama yake ndi yosafika imene ena amagulira minibasi ziwiri zakale zimene zimatha m'maenje a msewu zisanabweze mpamba. Umu ndi mmene anayambira amisiri a jua kali ku Kamukunji mu mzinda wa Nairobi, ndiponso a ku Suame Magazine ku Kumasi m'dziko la Ghana, kumene lero anthu zikwizikwi akudya za zitsulo. Sanadikire ng'anjo yaikulu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Tisanamizane kuti phindu lake ndi la msangamsanga. Malonda a kumudzi amayenda ndi nyengo: amatentha anthu akakolola ndi kugulitsa, amazizira mvula ikagwa. Woika ndalama apa ayenera kukhala wodekha ndi wosunga mabuku. Ayeneranso kusamala kumene akugula zitsulo zakutha, pakuti mmisiri wolandira chitsulo chobedwa pa njanji, pa mlatho kapena pa nsanja za ESCOM akudula nthambi ya ntchito yake yomwe, ndipo malo ake ndi kupolisi. Amisiri nawo ali ndi mbali yawo. Felemu yopotoka, yowotcherera modontheza, yosweka chaka chisanathe, ndiyo imapatsa mphamvu onena kuti za kuno n'zachabe. TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999 kuti itukule maphunziro a ntchito zamanja, isamathere m'makoleji okha. Ifike pa makonde pamene anyamata akuphunzira kuwotcherera atavala magalasi a dzuwa m'malo mwa chishango cha kumaso, iwaphunzitse kuyeza ndi kudziteteza, iwapatse mapepala.

Boma lili ndi chida chimene sichifuna ngongole ya kunja: ndi wogula wamkulu. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika mafakitale pakati pa nsanamira zake zitatu. Ngati mawu amenewo ali ndi tanthauzo, aonekere pa madesiki a m'sukulu, mabedi a m'zipatala zing'onozing'ono, mageti ndi mawindo a nyumba zomangidwa ndi ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF). Khonsolo ya Ntcheu ipereke ntchito zimenezi kwa amisiri a m'bomalo atakhala m'magulu olembetsedwa, iwauze muyezo, ikane katundu wosalongosoka, koma wolongosoka imulipire pa nthawi yake. Kuchedwa kulipira kwapha mabizinesi ang'onoang'ono ambiri kuposa kusowa kwa luso.

Kwa inu ana a ku Bwanje amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Johannesburg, amene mwasunga kangachepe ndipo mukufuna pokaika: musanatumize ndalama ya minibasi ina, pitani kwanu, mukakhale pansi ndi owotcherera a pa Sharpevale, muwafunse ntchito zimene amabweza mwezi uliwonse chifukwa chosowa makina, ndipo muwerengere nokha.