Tchalitchi chatsopano chisakwirire mbiri ya mpingo

Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP idakwanitsa zaka 150 mu 2025. Akhristu akuchuluka, ndipo matchalitchi akale akuchepa. Funso lomwe mipingo ya m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay ikukumana nalo n'lakuti: pomanga chatsopano, chakale chigwetsedwe kapena chisungidwe?

Derali lidasenza mbiri yolemera. Dr Robert Laws adasamutsira mishoni ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche, mu 1881 kuchoka ku Cape Maclear. Likulu litasamukiranso ku Khondowe mu 1894, mpingo wa ku Bandawe sudafe, chifukwa udali utazika kale mizu pakati pa Atonga.

Ku Sanga nako kuli phunziro. M'busa Yesaya Zerenji Mwasi, mmodzi mwa abusa atatu oyamba achikuda omwe adadzozedwa mu 1914, adapatuka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo woima pawokha, pokana ulamuliro wa amishoni. Mkanganowo sudali wa njerwa, koma wa mwini mpingo.

Izi zikusonyeza kuti mpingo ndi anthu, ndipo ungasinthe nyumba osataya chiyambi chake. Komabe anthu amaiwala. Khoma lakale likagwa, kawirikawiri mabuku a ubatizo amathera ku chiswe, manda a oyambitsa mpingo n'kumera tchire.

Choncho komiti yomanga isamangowerengera simenti ndi malata. Ipatulenso ndalama zosungira kaundula, belu ndi guwa, komanso zolembera zomwe akuluakulu akukumbukira adakali moyo.