Foni sinyamula mayi wapakati

Chipatala Cha Pa Foni chinayambira ku Balaka mu 2011, pamene bungwe la VillageReach linagwirana manja ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo pano chinafika dziko lonse. Mayi amaimba foni osadya mayunitsi, n'kulankhula ndi wazaumoyo. Safunsa anadya phula, ndiye kukhala ndi pofunsira n'kwabwino ndithu.

Koma zomangoomba m'manja poti anthu ambiri akuimba, ine zandikwana. Funso langa ndi lakuti: foni ija akaidula, mayi uja zimamuthera bwanji?

Taganizani mayi wachira usiku kumudzi, magazi sakuleka. Kutaya magazi kotere kungathe kupha munthu pa maola awiri okha. Wina ali ndi miyezi 8, mutu ukuwawa koopsa, nkhope yatupa, akuona zachimbuuzi: BP yakwera, akhoza kukomoka nthawi ina iliyonse. Onsewa langizo lake ndi limodzi, pitani kuchipatala msangamsanga. Langizolo ndi lolondola. Nanga apita pa chiyani? Wakabaza anagona kalekale, ndalama ya njinga yamoto palibe, foni yomwe ndi ya abambo kapena ya aneba, batire ili pafupi kutha.

Ku Tanzania kuli m-mama. Munthu akaimba nambala yaulere, olandira foniyo amatumiza ambulansi, ikasowa amatumiza galimoto ya munthu wa m'dera lomwelo amene analembetsa kale, ndipo dalaivala amalipidwa pa M-Pesa. Mayi salipira kanthu. Ifenso Airtel Money ndi Mpamba tili nazo, magalimoto pa ma trading centre alipo. Chovuta n'chiyani?

Ndikupempha zinthu zitatu. Woyankha foni akhale ndi mphamvu yoitanitsa transipoti pompopompo. Aimbirenso chipatala chimene mayiyo akupita, kuti azamba amudikirire atakonzeka. Mawa lake wina amuimbire mayiyo kumva ngati anafika ndi kuthandizidwa, chifukwa masiku oyamba a chikuta ndi amene amayi ndi makanda ambiri amatisiya.

Mudzati ndalama kulibe. Chabwino, koma ya mawekishopu a kunyanja imapezeka bwanji? Akuluakulu a zaumoyo, lipoti lanu lotsatira litiuze amayi angati anaimba ali pangozi, ndi angati mwa iwo anafika pa bedi la chipatala ali moyo.