Vubwi inakula, nanga makalasi ali kuti?

Amai ndi atate a mu Soweto ndi City Market, ambiri a inu muli ndi ana kumudzi kum'mawa. Onani Vubwi. Kale inali cabe mbali ya Chadiza, nkhani zonse za sukulu zinali kukathera ku Chadiza boma. Mu 2012 a Michael Sata anaipatula kukhala boma payokha, ndipo manje ili ndi ofesi yake ya DEBS.

Mu 2022 a UPND anacotsa mafizi mpaka Grade 12, ana ambiri anabwerera ku sukulu. Sitikana. Koma mwana afunika desiki, buku, ndi mphunzitsi wokhala ndi nyumba pafupi. Yunifomu, makope, ndalama za boarding, zonsezi zikali kucokera pa matimati ndi kapenta wanu.

Caka comweco CDF inakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse. Mukatuma ndalama pa foni mwezi uno, muuze abale akafunse khansala: mwamanga makalasi angati? Kontrakiti munapatsa ndani? Musaope kufunsa, kaili ndalama ija ni msonkho wanu.