Ziwerengero za boma zikhale zotheka kuzilumikiza

Namondwe wa Freddy atawomba chigawo cha kummwera kwa Malawi mu Malichi 2023, anthu oposa 600 anataya miyoyo, mazana ena sanapezeke, ndipo opitirira 600,000 anasowa pokhala. Pa ngozi yotere, amene akutsogolera ntchito yopulumutsa anthu amafuna mayankho a msangamsanga: mudzi umene wakokolokawo unali ndi anthu angati, chipatala chapafupi chili pati, mlatho wopita kumeneko ulipo kapena wapita ndi madzi, ndi sukulu iti imene ingasunge mabanja usiku umenewo. Mayankho ake dziko lino lili nawo, koma sakhala pamalo amodzi. Chiwerengero cha anthu chili ku ofesi ya kalembera ya NSO ku Zomba, mndandanda wa zipatala uli ku Unduna wa Zaumoyo, wa sukulu uli ku Unduna wa Maphunziro, za misewu zili ku Roads Authority, za mvula zili ku nthambi yoona zanyengo. Ndalama zotolerera zonsezi zimapita zambiri chaka ndi chaka. Chimene chimatsalira ndi ntchito yosakoma, yopanda mwambo wodula riboni, yokonza kuti zimene ofesi ina yalemba zigwirizane ndi za ofesi inzake, kenaka n'kuziika pa intaneti mwa njira yoti aliyense azitenge ndi kuzigwiritsanso ntchito. Ife tikuona kuti ntchito imeneyi ndi udindo wa boma monga mmene ulili udindo wokonza misewu, ndipo yachedwa kale.

Vuto limayambira pa mayina. Boma limodzi lomwelo limalembedwa Chikwawa m'buku lina, Chikhwawa m'buku lina. Pali Ntcheu ndi Ncheu, Nkhata Bay ndi Nkhatabay. Munthu akaona amadziwa kuti ndi malo amodzi, koma kompyuta imawerenga maboma awiri. Apa tikunena za maboma 28 okha, amene kalaliki angathe kuwakonza ndi manja mmawa umodzi. Tikatsikira ku midzi zinthu zimasokonekera kwambiri, chifukwa mudzi umatchedwa ndi dzina la mfumu yake, dzina limodzi limapezeka m'maboma angapo, ndipo midzi imagawika nyakwawa yatsopano ikavekedwa ufumu. Pamwamba pa zimenezo, unduna uliwonse unadula dziko lino mwa njira yakeyake. A zaulimi amawerenga ndi madera a ulangizi otchedwa ma EPA, a zamaphunziro ndi mazoni, a zaumoyo ndi dera lozungulira chipatala chilichonse, a maboma aang'ono ndi mafumu aakulu ndi mawodi, pomwe bungwe loyendetsa chisankho lili ndi madera a aphungu amene anachoka pa 193 kufika pa 229 pa chisankho cha 2025. Malire amenewa sagwera pamodzi. Zili ngati msika umene wina akuyeza chimanga ndi ndowa, wina ndi thumba, wina ndi mbale, popanda wonena kuti mbale zingati zimadzaza ndowa. Aliyense akunena zoona pa muyeso wake, koma wofuna kudziwa ngati ana osiya sukulu ali ochuluka kumene zokolola zinavuta sangawonkhetse kanthu.

Mankhwala ake ndi odziwika, ndipo si a ndalama zambiri. Mu 2006 Tim Berners-Lee, yemwe anayambitsa masamba a pa intaneti ali ku CERN ku Geneva, analemba mfundo zochepa za mmene uthenga wochokera kosiyanasiyana ungalumikizidwire. Phata lake ndi lakuti chinthu chilichonse chikhale ndi chizindikiro chakechake chosasintha, chimene wina aliyense angachitchule ndi kuchifufuza, ndipo cholembedwa chilichonse chiloze ku zizindikiro za zinthu zina zokhudzana nacho. Nkhokwe ya Wikidata, imene inayamba mu 2012, imayenda motero: Malawi ndi Q1020, kaya wolembayo akulemba m'Chichewa, m'Chifalansa kapena m'Chitchaina, ndipo mzinda wathu wa Blantyre uli ndi nambala yosiyana ndi ya Blantyre wa ku Scotland kumene anabadwira David Livingstone. Mabungwe othandiza pa ngozi anatulukira zomwezo m'njira yowawa, ndipo n'chifukwa chake ofesi ya United Nations yogwirizanitsa thandizo, OCHA, imalimbikitsa manambala a malo otchedwa P-codes ndi kuwafalitsa pa tsamba la Humanitarian Data Exchange, limene linatsegulidwa mu 2014. Kwathu kuno Unduna wa Zaumoyo unayambapo kale pokhazikitsa kaundula wamkulu wa zipatala, momwe chipatala chilichonse chili ndi nambala yake. Chofunika n'chakuti nzeru imeneyo ifike pa mudzi uliwonse, sukulu, mjigo, msika ndi mlatho, m'kaundula mmodzi wa boma wopezeka kwa aliyense. Nambala ikaperekedwa isapatsidwenso kwa china, ndipo mudzi ukagawika kaundulayo asonyeze kuti midzi yatsopanoyo inachokera mu uti komanso liti. Popanda mbiri imeneyo, ziwerengero za chaka chino sizingayerekezedwe ndi za zaka khumi zapitazo.

Chachiwiri ndi kafalitsidwe. Maofesi ambiri akaika lipoti la masamba mazana awiri pa intaneti ngati PDF amati atulutsa uthenga, ndipo nthawi zina chimene aikacho ndi chithunzi chabe cha pepala. Wofuna kugwiritsa ntchito matebulo a mmenemo ayenera kuwataipanso nambala imodziimodzi, ndipo potaipapo zolakwika zimalowa. Berners-Lee yemweyo mu 2010 anakonza muyeso wa nyenyezi zisanu: imodzi kwa amene wangoika uthenga pa intaneti ndi chilolezo choti ena augwiritse ntchito, ziwiri ukakhala woti makina angauwerenge monga tebulo la Excel, zitatu ukakhala m'mtundu wosadalira pulogalamu ya kampani imodzi monga CSV, ndipo zinayi ndi zisanu ukakhala ndi zizindikiro zija ndi kulumikizidwa ku uthenga wa ena. Sitikupempha kuti maofesi athu afike pa nyenyezi zisanu mawa. Zitatu zokha zingasinthe zambiri, ndipo kalaliki amene anakonza lipotilo ali nalo kale tebulolo pa kompyuta yake. Ngakhale World Bank inadzifufuza mu 2014 n'kupeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malipoti ake a PDF panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawatsitsapo. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, limene aphungu analivomereza mu 2016 koma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, linatsegula khomo, koma kulemba kalata ndi kudikira yankho pa nkhani iliyonse ndi njira ya pang'onopang'ono. Uthenga umene anthu ambiri amaufuna uzikhala utaikidwa kale, ndi mawu omveka onena kuti aliyense ali ndi ufulu woukopera, kuuphatikiza ndi wina ndi kuufalitsanso bola atchule kumene wachokera. Mawu amenewa akasowa, bungwe losamala za malamulo limaopa kuugwira.

Umboni woti uthenga wotseguka umagwira ntchito ulipo. Chivomezi chitagwetsa mzinda wa Port-au-Prince ku Haiti pa 12 Januwale 2010, mapu a mzindawo anali osakwanira. Makampani atalola kuti zithunzi zawo zojambulidwa kuchokera mumlengalenga zigwiritsidwe ntchito, anthu odzipereka mazanamazana a m'mayiko osiyanasiyana anajambula misewu ndi misasa pa OpenStreetMap m'masiku ochepa, ndipo magulu opulumutsa anthu anayenda ndi mapu amenewo. Kuno kwathu, mu 2014, ntchito yofanana nayo inachitika ku Nsanje ndi ku Chikwawa, pomwe ogwira ntchito za boma, ophunzira ndi anthu a m'midzi analemba malo a nyumba, misewu ndi mijigo, mogwirizana ndi tsamba la boma la mapu la MASDAP. Patangopita miyezi yochepa, mu Januwale 2015, madzi osefukira anamiza chigwa cha Shire. Amene anajambula mapu ajawo sankadziwa tsiku la chigumula, ndipo phindu la uthenga wotseguka limabwera motero: amautenga ndi munthu amene wotolerayo sanamuganizirepo, pa ntchito imene panalibe woilosera.

Pali otsutsa amene mantha awo ndi omveka, ndipo oyamba ndi oopa za chinsinsi cha anthu. Kulumikiza kumene tikukuyamikiraku n'komwenso kungaulule munthu. M'zaka za m'ma 1990, boma la Massachusetts ku America linatulutsa zolembedwa za kuchipatala za ogwira ntchito ake litachotsamo mayina. Latanya Sweeney, ali wophunzira, anaziphatikiza ndi kaundula wa ovota n'kupeza zolembedwa za bwanamkubwa wa chigawocho, William Weld. Pambuyo pake anasonyeza kuti pafupifupi 87 mwa anthu 100 alionse a ku America angadziwike ndi zinthu zitatu zokha: tsiku lobadwa, kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndi nambala ya positi ya dera lawo. M'mudzi wa mabanja makumi anayi sipafunika ngakhale zitatuzo. Tebulo lonena kuti m'mudzi wakuti muli mayi mmodzi wa zaka zakuti amene akumwa ma ARV latchula kale munthuyo, ngakhale dzina palibe. Chiyambire kalembera wa zitupa za unzika mu 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni analembedwa, nambala imodzi ikutha kumanga pamodzi simu ya foni, akaunti ya kubanki, dzina la pa mndandanda wa fetereza wotsika mtengo ndi la pa Mtukula Pakhomo. Mphamvu yotere ikagwera m'manja olakwika ndi yoopsa, makamaka nyengo ya chisankho. Yankho lathu ndi lakuti malire alembedwe moonekera. Za malo, nyumba za boma, bajeti, makontrakiti, mitengo ya pamsika ndi mvula zikhale poyera. Za munthu payekha zikhale zotsekeredwa, zizituluka zitawonkhetsedwa pa dera lalikulu mokwanira kuti wina asalozedwe chala, ndipo wofufuza wofuna zozama apemphe chilolezo ndi kusainira malamulo. Lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, limene linapereka udindo woyang'anira ku bungwe loona za mauthenga la MACRA, liyenera kuyenda limodzi ndi ntchitoyi kuyambira pachiyambi. Chimene sitivomereza ndi kutenga chinsinsi cha odwala ngati chophimbira mtengo wa mlatho.

Ena amati Amalawi ambiri alibe intaneti, ndiye tikuvutikiranji. N'zoona kuti mlimi wa ku Nthalire sadzatsitsa tebulo la CSV. Koma mtolankhani wa wailesi ya m'dera lake, mlangizi wa zaulimi ndi khansala angathe kutero, ndipo zimene apezazo zimafika kwa iye pa wailesi ndi pa msonkhano wa chitukuko.

Chitsutso cholemera kwambiri n'chakuti zoterezi zimayamba ndi ndalama za mabungwe akunja ndipo zimafa ndalamazo zikatha. Kenya inatsegula tsamba lake la uthenga wa boma mu Julaye 2011 ndi chikondwerero chachikulu, koma pasanathe zaka zambiri tsambalo linayamba kugona chifukwa maunduna sankatumizako zatsopano. Tsamba ndi chinthu chophweka kugula, chovuta ndi mwambo woti mwezi ndi mwezi ofesi iliyonse izitumiza zake m'kalembedwe kogwirizana. Mwambo wotere ndi wotheka, chifukwa zipatala zathu zimatumiza kale malipoti a mwezi ndi mwezi mu DHIS2, pulogalamu yopangidwa ku yunivesite ya Oslo imene mayiko ambiri a mu Africa amagwiritsa ntchito. Kumeneko kuli munthu amene amafunsidwa lipoti likachedwa, ndipo chimenecho ndicho chimasowa kwina. Lamulo la ziwerengero la 2013 linapatsa NSO udindo wogwirizanitsa ntchito za ziwerengero m'boma lonse. Udindo wopanda ndalama ndi mphamvu yokakamiza umathera m'misonkhano ya ku nyanja. Aphungu akamakambirana bajeti aikemo ndalama za anthu ochepa okhazikika osamalira kaundula wa malo, ndipo unduna kapena bungwe lililonse lochita kafukufuku ndi chilolezo cha boma lilamulidwe kugwiritsa ntchito manambala a m'kaundulayo.

Palinso mantha amene akuluakulu a m'maofesi sawanena pagulu: kuti matebulo akatuluka anthu adzaona zolakwika, monga sukulu yolembedwa kawiri kapena mjigo umene unafa kalekale koma ukuwerengedwabe ngati wamoyo. Adzazionadi. Koma zolakwikazo zilipo kale, ndipo ndalama zikugawidwa potsatira zomwezo. Mphunzitsi wamkulu amene waona kuti sukulu yake yalembedwa ana ochepa kuposa amene ali m'kalasi ndiye woyamba kudandaula, ndipo kudandaula kwakeko n'kukonza kumene boma silinalipire.

Kalembera wa anthu ndi nyumba wapitayo anachitika mu 2018 ndipo anapeza anthu 17.5 miliyoni. Potsatira mwambo wa zaka khumi, wotsatira akuyembekezeka mu 2028, ndipo kalembera asanayambe NSO imatumiza anthu kukajambula mapu a madera onse owerengeramo. Palibe nthawi ina imene boma limayendera mudzi uliwonse ndi cholembera m'manja. Maunduna a zaumoyo, zamaphunziro, zaulimi ndi maboma aang'ono, pamodzi ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ndi nthambi yoona za mapu, agwirizane za manambala a malo ojambula mapuwo asananyamuke, ndipo kaundula wotulukapo aikidwe pa intaneti tsiku lomwe zotsatira za kalembera zidzalengezedwe.